Kandalama M'chipewa

Umphawi ulipo wamitundumitundu, koma wowawa kwambiri ndi uja umagona nawo uku mbale wako akunenepa ndi thukuta lako. Umenewo ndiwo unamugwira pakhosi munthu wina amene anthu ankangomutcha Chipewa.

Dzinali linabwera chifukwa cha chipewa chachikulu chopindika m'mbali chimene anagula pa kaunjika, chija amavala oyimba nyimbo za kantire, zija za azungu oweta ng'ombe atakwera hatchi. Nsapato zazitali za oyimbawo analibe, ankavala mapatapata. Hatchi anangoiona pa chithunzi. Koma gitala ankaidziwa, abale inu, ndipo nyimbo zachisoni zija, za mwamuna wothawidwa ndi mkazi, za msewu wautali ndi galimoto yakutha, ankazipeka ngati anabadwa nazo.

Masana ankapala matabwa kwa kalipentala wina wokhoma mabokosi a maliro kuseri kwa chipatala. Akaweruka ankakakhala pa khonde la sitolo ya zitsulo pafupi ndi depoti ya mabasi, n'kuvula chipewa chija, kuchiika pansi chagada, n'kuyamba kuyimba. Ena ankaponyamo kangachepe, ena ankaponyamo zitsekerero za mabotolo kuti aseke. Kunyumba kunali chipinda chimodzi cha lendi chogawa ndi nsalu pakati, denga lake lodontha pamwamba penipeni pa bedi. M'menemo munali mkazi wake, amayi ake okalamba, galu wofiira, ndi mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana kochepa thupi kolongolola kamene ankakatcha Katimba.

Tsiku lina ku ntchito kunabwera bambo wina kudzagula bokosi la mwana. Analinyamula kukhwapa ngati wailesi, koma ankayenda chowerama ngati wasenza thumba la simenti. Chipewa anamuyang'ana mpaka anakhota, ndipo pofika kunyumba nyimbo inali itapsa kale m'mutu mwake:

*Kabokosi kakang'ono, koma kulemera kwake,
ndanyamula mwana wanga, ndanyamula moyo wanga.*

Tsono Chipewa anali ndi mkulu wake, wa bere limodzi, nayenso woyimba. Ameneyu anali ndi mawu osalala ndi kabandi kake koyimba m'mahotela, koma kupeka nyimbo ayi, mutu unali gwa. Atabwera kudzaona amayi, anamva nyimbo ija kuseri kwa nsalu.

"Tayimbanso, mphwanga," anatero.

Chipewa anayimbanso. Kupusa kwake, anamuonetsa ndi pogwira zala pomwe.

Posakhalitsa nyimboyo inali pa wailesi, m'mabasi, m'malo ometera, paliponse. Woulutsa mawu ankati wapeka ndi mkulu wake uja. Anthu ankalira nayo, ankaigula, ndipo mkuluyo anagula galimoto ndi nyumba ya mpanda. Chipewa anapita kangapo ku geti, mlonda n'kumangoti bwana agona.

Abale awiriwa anadzakumana pa khonde paja. Galimoto inaima, galasi linatsika, ndipo Chipewa anaimirira gitala ili m'manja.

"Achimwene, nyimbo ija ndi yanga."

"Nyimbo ndi ya amene wayimveketsa," anatero mkulu wake. "Iwe ukanafa nayo pa khonde pano."

"Ndi yanga, achimwene. Amayi ndi mboni."

Mkuluyo anapisa m'thumba, natulutsa kandalama kachitsulo, kaja kosagula ngakhale machesi, n'kukaponya m'chipewa chili pansi.

"Nako. Ndagula. Usandivutenso."

Makondakitala ndi onyamula katundu anafa nacho chiseko. Mkazi wa mkuluyo, amene anakhala kutsogolo, anagwira mkono wa mwamuna wake. "Bambo, si bwino zimenezo," anatero, koma galasi linali likukwera kale.

Chipewa sanadye tsiku limenelo. Amayi ake anayesa kumutonthoza. "Mwana wanga, chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa limenelo landiima pakhosi, amayi," anawayankha.

Kunena zoona, chimene chinkamuwotcha mumtima sichinali njala ayi. Ankafuna mkulu wake adzagwade. Ankapala matabwa uku akukukuta mano, ndipo bokosi lililonse lalitali ankaliyeza ndi msinkhu wa mbale wake. Kondakitala wina wa pa depoti, ataona nkhope imeneyo, ndiye anamunong'oneza za bambo wokonza mawailesi kumapeto kwa msika, amene ankakonzanso zina zosaoneka ndi maso.

Chipewa anapita dzuwa lili paliwombo. Kachipindako kanali kodzaza mawailesi ong'ambidwa, matumbo ali panja, ena akungoti phwii okha popanda wowayatsa. Mwini wake analibe mikanda kapena michira. Anavala ovolosi yamafuta ndi magalasi omanga ndi waya, ndipo sanadzutse mutu.

"Wabwera kudzakhwima kapena kudzabwezera?"

"Zonse ziwiri, bambo."

"Ofuna ziwiri amalipira kawiri."

"Ndalama ndilibe."

"Ndalama ndizitani ine? Ndalama ndikupatsa ndine. Bweretsa gitalayo."

Anamasula nsambo yaikulu ya pamwamba, waya uja amagunda ndi chala chachikulu, naikapo ina yakuda bii imene anaitulutsa m'mimba mwa wailesi yakale. Kenako anagwira dzanja la Chipewa, nakhwekhweretsa chala chake pa nsamboyo mpaka magazi anatuluka. Nsamboyo inawamwa onse, osadontha ngakhale dontho.

"Tamvera chizimba chake," anatero bamboyo. "Inu a kantire mumagulitsa misozi. Koma misozi yabodza anthu amaidziwa, n'chifukwa chake mumafa osauka. Nsambo iyi sinama. Chisoni chilichonse chimene chidzayimbidwe iyo ikulira chidzachitikadi, m'nyumba mwako kapena m'magazi mwako. Nyimbo patsogolo, misozi pambuyo. Ilibe maso, ili ndi makutu okha. Ikangomva mawu oti ‘wanga’, imadziwa mwini wake."

Munthu wanzeru akanatola mapatapata ake n'kuthawa. Chipewa ananyambita milomo.

"M'magazi mwanga, mwatero? Nanga mkulu wanga?"

Bamboyo anadzutsa mutu koyamba, namwetulira. "Bere limodzi? Zoterozo ndiye imazikonda."

"Ikakhuta ndidzadziwa bwanji?"

"Unayamba waona nsambo itakhuta? Nyimbo ikatha fasho, idzafuna ina. Chachiwiri ndi ichi. Iwe unayambira m'chipewa. Munthu akadzaponya ndalama m'chipewa chako n'kupempha nyimbo, wagula. Ukayimba, zichitika. Ukakana, sufa ayi, koma zonse zibwerera kumene zinachokera: mawu, nyumba, dzina. Wovulala adzachira, iwe udzabwerera pa khonde paja, ndipo ngakhale galu sadzaima kuti akumvere."

"Ndiye chipewa sindidzavulanso."

"Onse amatero," anatero bamboyo, nabwerera ku wailesi yake.

Nyimbo yoyamba sanavutike nayo. Inali ya munthu wolira mkulu wake amene anali ndi mawu okoma koma tsopano wakhala chete. Anaiyimba pa khonde lomwe lija, chipewa chili kumutu. Ha! Mabasi analephera kutuluka m'depoti. Amayi ogulitsa malonda anasiya malonda awo, makondakitala aja ankamuseka ankapukuta m'maso ndi malaya, ndipo bambo wina wa situdiyo amene ankadutsa anamukokera m'galimoto tsiku lomwelo.

Nyimboyo itangoyamba kumveka pa wailesi, mkulu wake anali pa nsanja ku hotela ina. Anatsegula pakamwa pakati pa nyimbo, osatuluka kanthu. Anakhosomola, anamwa madzi, anayesanso. Zii. Madokotala anaunika pakhosi mpaka kutopa, osapeza chilichonse.

Chipewa anapita kuchipatala ndi malalanje. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nasenda limodzi, n'kudya yekha.

"Pepani achimwene. Mwati chikuwawa ndi chiyani? Sindikumva."

Anatuluka m'menemo mtima uli mbee ngati wamwa madzi ozizira. Anthu ankati taonani chikondi cha pachibale, wapeka nyimbo yolira mkulu wake. Palibe anafunsa kuti chinayamba n'chiyani, nyimboyo kapena matendawo.

Chuma chinabwera ngati mvula ya mkuntho. Nyumba ya masitepe, galimoto yaitali, nsapato zija zazitali za chikopa, mpando wa ndalema wa amayi ake pa khonde. Katimba anamugulira kachipewa kakang'ono kofanana ndi kake. Pa zoyimbayimba alonda ankaima kutsogolo kwa nsanja kuti pasapezeke woyandikira, chipewa sankavula ngakhale popemphera, ndipo nyimbo za eni ake sankayimba. Anali ndi kachitidwe kake kamene anthu ankakakonda: akafika pa kolasi ankabwerera m'mbuyo, kusiya maikolofoni, n'kufuula kuti, "Tonse pamodzi!" Anthu ankayimba okha, iye akungokhwacha gitala, maso ali tsinzinu. Ankati palibe chokoma padziko kuposa chimenecho.

Uku mkulu wake zinthu zinkathothoka chimodzichimodzi. Bandi inabalalika, galimoto inapita, nyumba inatsatira. Anakakhala m'kachipinda kuseri kwa malo ophikira buledi, ndipo mkazi wake anayamba kugulitsa zovala za kaunjika pa depoti. Tsiku lina mayiyo anafika pa geti la Chipewa kudzapempha thandizo la mankhwala. Chipewa anamusiya padzuwa mpaka mthunzi unatembenuka, kenako anatuluka akutokosa m'mano.

"Alamu, si munagula nyimbo inu? Kagulitseni imeneyo."

Mayiyo anamuyang'ana n'kubwerera.

Koma nyimbo zimatha fasho. Wailesi inayamba kuyimba za ena. M'mawa wina Chipewa anadzuka pakhosi pali ngati wameza mchenga, ndipo nsambo yakuda ija inali itachita dzimbiri, ikumucheka chala akangoigunda. Anayesa nyimbo zachisangalalo, za ukwati, za tsiku lolandira malipiro. Anthu ankayasamula n'kumatuluka m'holo. Anayesa gitala ina, mawu anakana.

Anayang'ana pabwalo, naona galu wofiira uja atagona padzuwa. "Galu ndi galu," anatero.

Nyimbo ya galu inagulidwa kwambiri. Galuyo anagundidwa ndi lole pa geti pomwepo, Katimba akuona. Mwanayo analira mpaka kutupa maso, ndipo bambo ake anamugulira njinga.

Itatha fasho imeneyo, Chipewa anakhala masiku akuzungulirazungulira m'nyumba. Kenako anayamba kudziuza kuti amayi akalamba, adya kale zawo, miyendo ikuwavuta, mwina kupuma n'kuwachitira chifundo. Mtima wa munthu ukafuna chinthu, zifukwa susowa. Anapeka nyimbo ya mpando wa ndalema umene watsala wokha pa khonde. Amayi ake anaimva pa wailesi atakhala pa mpando womwewo, ndipo anaseka.

"Iwe mwana iwe, ukundiika m'manda ndili moyo? Koma ndiye yokoma."

Anawapeza madzulo ena mutu utagwera pa phewa, mpando ukugwederabe pang'ono. Pamenepo Chipewa analira zenizeni, ndipo chimbale cha nyimboyo chinagulidwa kuposa zonse. Pa maliro, mlamu wake uja anamuyandikira akutunga madzi osamba m'manja.

"Alamu, nyimbo ya mpando ija inatuluka liti?"

"Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Ndinkaimva pa depoti amayi akadali moyo."

Chipewa anangodziuza kuti mkazi wogulitsa kaunjika angamutani.

Nthawi yotsatira anaganiza kuti wachenjera. Imfa ayi, anatero, ndiyimba ya mkazi wothawa, pakuti wothawa amabwerera. Anaikamonso mawu oti wapita koma wandisiyira mwana, kuti Katimba asachoke. Ndipo m'mawa wina anapeza mkazi wake akupinda zovala m'chikwama, nkhope ili phee.

"Mayi a Katimba, kwagwanji?"

"Palibe. Simunandilakwire. Kungoti mtima wanga wachoka m'nyumba muno, ndiye ndikuutsatira."

"Nanga mwana?"

Mkaziyo anayang'ana Katimba ngati akuona mwana wa eni ake pa msewu. Apa ndiye Chipewa anachita mantha. Anagwada, namugwira miyendo, naulula zonse: za wokonza mawailesi, za nsambo, za kandalama m'chipewa, zonse. Mkaziyo anamvetsera ngati akumva za nyengo pa wailesi, natseka chikwama, n'kutuluka. Anthu anamuona pa depoti akulankhula nthawi yaitali ndi mayi wa kaunjika uja basi isananyamuke. Chipewa atamva zimenezo sanazilabadire, anali ku situdiyo.

M'chinyumba chonse chija munatsala anthu awiri. Katimba ankavala nsapato zazitali za bambo ake n'kumagwa nazo pa masitepe, ankawafunsa chifukwa chake gitala ili ndi bowo, ankagona atagwira chala chawo chachikulu chija cha mabala. Chipewa ankamukonda mwanayo, zimenezo tisamunamizire. Analumbira kuti ngakhale nsambo itamudula dzanja, mawu oti mwana sadzatuluka pakamwa pake.

Pakhosi patayambanso kukanda, anathamangira kumsika kwa wokonza mawailesi uja.

"Bambo, ndatsala ndi mwana yekha."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine? Khomo lotulukira ndinakuonetsa. Vula chipewa, wina aponyemo, ukane. Mwana wako akula, mkulu wako alankhula."

"Ndibwerere pa khonde? Achimwene adzindiseka?"

"Ndiye usandichedwetse, ndili ndi ntchito."

Ali m'njira anaima chilili pakati pa msewu, naseka yekha. Anali ataiwala bwanji? Mkulu wake anali chete, inde, koma anali moyo. Magazi analipo oti nsambo imwe.

Anapeka nyimbo ya maliro a mkulu wake, bokosi lalitali, manda okumbidwa pa mvula. Koma kungoiyimba sikunamukwanire. Anafuna mwini wake aimve ndi makutu ake, atakhala pamaso pa anthu. Anakonza zoyimbayimba zazikulu pa bwalo la mpira, Lamlungu masana, nalengeza pa wailesi kuti akufuna kulemekeza mkulu wake amene anamuphunzitsa gitala. Anatumiza galimoto kukawatenga, mkuluyo ndi mkazi wake.

Bwalo linadzaza mpaka ena anakwera m'mitengo. Katimba anakhala pambali pa nsanja, pamwamba pa bokosi la zokuzira mawu, kachipewa kake kali kumutu, akugwedeza timiyendo. Mkulu uja anamukhazika pa mpando wa pulasitiki pakati pa nsanja, jekete likumukhuthukira m'mapewa, mkazi wake ataima kumbuyo kwake.

Chipewa anayimba zakale zija anthu n'kumalira, kenako anakweza dzanja kuti bandi ikhale chete.

"Abale anga, awa ndi achimwene anga. Tsiku lina, ndili pa khonde, anandiponyera kandalama m'chipewa. Sindinaiwale. Lero ndili ndi nyimbo yatsopano ya iwowa, koma ndisanayimbe, ndione ngati akadali ndi mtima wopatsa."

Mkwiyo wa zaka zonse zija unamukwera kumutu ngati mowa. Anafuna aone dzanja la mkulu wake likupisa m'thumba lopanda kanthu anthu onse akuona. Anavula chipewa, abale, chipewa chimene sanavule ngakhale pa manda a amayi ake, nawerama monyoza, nachitambasula chagada.

"Ponyanimo kangachepe, achimwene. Kapena zinatha?"

Mkuluyo anangoyang'ana pansi. Koma dzanja lina linadutsa pa phewa lake, ndipo kandalama kachitsulo kanagwera m'chipewamo. Mlamu wake anasendera pa maikolofoni.

"Ndagula, alamu. Mwakhala mukunena kuti Kabokosi Kakang'ono ndi nyimbo yanu. Tiyimbireni."

Bwalo lonse linaphulika. "Kabokosi! Kabokosi!" Nyimbo imeneyo anali asanaimve pa nsanja chikhalire chete mkulu uja, ndipo aliyense ankaidziwa pamtima.

Mayiyo anayandikira Chipewa, nalankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Mkazi wanu anandiuza zonse. Ndikudziwa nyimbo imene mwawakonzera amuna anga lero. Kanani, alamu. Ikani gitala pansi, mutenge mwana wanu muzipita. Umphawi supha, ife tilipo tikukhala."

Khomo linali lotsegula, ndipo Chipewa analiona. Anayang'ana Katimba, mwanayo namukwezera dzanja akuseka. Anayang'ana anthu aja osaoneka polekezera, onse akuitana dzina lake. Anayang'ana mkulu wake, naganiza za mawu osalala aja akubwerera, za galasi la galimoto likutsika pa khonde la sitolo ya zitsulo. Ayi, zimenezo ayi. Ndipo nzeru zija zimapha eni ake zinamufikira: nyimbo ndi yanga, ndinaipeka ndine, ndikhoza kuisintha. Ndingoti mwana wa mnzanga, basi. Nyimbo ndayimba, mwana ndapulumutsa.

Anavala chipewa, nagunda nsambo.

"Alamu, musatero!" anakuwa mayiyo, koma ng'oma zinali zitalowa kale.

Ndime yoyamba inayenda bwino. Anayimba za mnzake amene anamuona akuchokera kwa kalipentala, ndipo mawu ake anali asanakomepo chotero. Anthu anali chete, misozi ili mbwembwembwe. Anamva nyimbo yake, yake yeniyeni, ikubwerera kwa mwini wake pamaso pa wakuba uja, ndipo kukoma kwake kunamuledzeretsa. Atafika pa kolasi, miyendo inachita zimene inazolowera. Anabwerera m'mbuyo, natsinzina.

"Tonse pamodzi!"

Anthu aja sankadziwa za mwana wa mnzake. Ankadziwa nyimbo imene anaimva m'mabasi ndi m'malo ometera, ndipo anaiyimba momwemo, bwalo lonse ndi mawu amodzi:

*Kabokosi kakang'ono, koma kulemera kwake,
ndanyamula mwana wanga, ndanyamula moyo wanga.*

Chala chake chachikulu chinali pa nsambo yakuda, chikugunda.

Anatsegula maso mawuwo atatuluka kale. Anagwira nsambo zonse ndi chikhatho kuti zikhale chete, nafuula pa maikolofoni kuti, "Wa mnzanga! Wa mnzanga!" koma ndani akanamumva? Anatembenukira kumbali. Katimba nayenso ankayimba nawo, akuwomba m'manja. Kenako manjawo anagwa, kachipewa kanagubuduzika pa nsanja, ndipo mwanayo anatsetsereka pa bokosi paja mwakachetechete ngati wagwidwa ndi tulo.

Woyamba kufika anali mkulu wa Chipewa uja. Anamunyamula mwanayo, namugwedeza, naika khutu pa chifuwa. Kenako anayang'ana kumwamba, natsegula pakamwa kuti alire, osatuluka kanthu. Anthu akumbuyo, osadziwa chimene chachitika, ankabwerezabe kolasi.

Mlamu wa Chipewa anagwa pansi akudziguguda. "Ndimati mukana! Mayo ine, ndimati mukana! Ndi bambo wake uti angayimbe?"

Chipewa anamenyetsa gitala pa nsanja mpaka inasanduka nkhuni. Nsambo zonse zinaduka kupatula yakuda ija, imene inali kunyezimira ngati yatsopano.

M'mawa mwake anapita wapansi kwa kalipentala wake wakale uja, kuseri kwa chipatala. Sanapereke moni. Anasankha matabwa, anapala yekha, anakhoma yekha, ndipo kalipentala atafuna kumuthandiza anamuopseza ndi hamala. Atamaliza ananyamula kabokosiko kukhwapa. Amene anamuona akuti ankayenda chowerama, ndipo ankaima pafupipafupi kuti apume.

Mutu unasokonekera pa manda pomwepo. Nyumba ya masitepe inatengedwa ndi a ngongole, galimoto inaolera pa geti, a wailesi anasiya kuyimba nyimbo zake chifukwa anthu ankati zimaitana maliro. Wokonza mawailesi uja akadalipo kumapeto kwa msika, ndipo pa benchi lake sipasowa munthu wodikira.

Mukadzadutsa pa depoti, yang'anani pa khonde la sitolo ya zitsulo. Pamakhala bambo wina wa ndevu zoyera, atakumbatira thabwa ngati gitala, chala chachikulu chikugunda pamene palibe nsambo. Chipewa chake anachimangirira kuchibwano ndi waya wakuda, ndipo samachivula ngakhale kutenthe bwanji. Mukamumvera chisoni n'kutulutsa kandalama, amagwira chipewacho ndi manja onse awiri n'kukuwa ngati mwamuonetsa njoka: "Musaponye! Ndakana! Ndakana!" Wakana mochedwa. Masana kumabwera bambo wina wosalankhula, atanyamula chakudya m'kambale chimene waphika mkazi wake, n'kukhala naye pambali mpaka adye.

Ndiye inu amene mukuona kuti zanu zikuchedwa, amene mnzanu kapena mbale wanu anakudyerani masuku pamutu, mverani. Kulakwiridwa kumawawa, ndipo Chipewa analakwiridwadi. Koma chuma cha zizimba sichidya mdani wako yekha ayi, chimangoyambira pamenepo kuti uchizolowere, kenako chimalowa m'nyumba. Munthu uyu anapatsidwa mpata woti asankhe pakati pa mwana ndi kutchuka, ndipo dyera linamunamiza kuti akhoza kusunga zonse ziwiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuli bwino kugona m'chipinda chodontha mwana wako akupuma pambali pako, kusiyana ndi kudzaza bwalo la mpira n'kubwerera kunyumba ndi kabokosi kukhwapa.